Kuleka mowa ndi camba ku Luangwa: mmene pulani ndi zolinga zimathandizira

Anthu ambiri amene amalumbira kuti aleka mowa kapena camba amabwererako miyezi itatu isanathe. Kafukufuku amene anacitika ku America mu 1971, woyerekeza anthu oleka mowa, fodya ndi heroin, anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anayambiranso m'miyezi itatu yoyamba. Kucokera nthawi imeneyo, akatswiri a za umoyo akhala akuphunzitsa kuti munthu amagwa kawirikawiri pa tsiku limene ciyeso camupeza alibe cocita cimene anakonzeratu. Masiku otere amadziwika pasadakhale, ndipo m'boma la Luangwa ambiri mwa iwo amayendera mtsinje, msika ndi nyengo za caka.

Dera la Luangwa

Boma la Luangwa lili kum'mawa kwa cigawo ca Lusaka, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Kale linali kuchedwa Feira, liu la Cipwitikizi lotanthauza msika, popeza amalonda a Cipwitikizi anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1700. Tsidya lina la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo tsidya lina la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 35,000 m'bomali, amene ali pansi pa mfumu yaikulu Mburuma ndi mfumu Mphuka. Derali ndi lotentha, mvula imagwa yocepa, ndipo njovu zimaononga minda kawirikawiri. Motero mabanja ambiri amadalira usodzi, malonda a nsomba, madimba a m'mbali mwa mtsinje, kuluka mphasa ndi madengu, ndiponso kugulitsa masau.

Cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko muno, Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962, cili ku Lusaka, pa mtunda woposa makilomita 300 kucokera pa boma la Luangwa. Munthu wa ku Luangwa amene wafuna kuleka mowa amathera pafupifupi masiku onse a kucira kwake kumudzi, pakati pa anzake amene anali kumwa nao, kutali ndi madotolo a matenda amenewa. N'cifukwa cake pulani yokonzedwa bwino ili yofunika kwambiri kwa iye.

Cizolowezi cimene casanduka matenda

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation, WHO, limaika ucidakwa m'gulu la matenda. Zizindikiro zake zazikulu ndi kulephera kudziikira malire pakumwa, kuika mowa patsogolo pa banja ndi nchito ngakhale ukubweretsa mavuto, kufuna woculuka kuposa kale kuti munthu aledzere, ndi kudwala akapanda kumwa.

Lipoti limene bungweli linatulutsa mu June 2024 linati mu 2019 mowa unacititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni pa dziko lonse, ndi kuti anthu pafupifupi 400 miliyoni anali ndi vuto la kamwedwe, mwa amene 209 miliyoni anali atafika podalira mowa. Kuwonjezera pa matenda a ciwindi ndi a mtima, mowa umaiwalitsa anthu kumwa mankhwala a TB ndi ma ARV pa nthawi yake, umavulaza mwana amene ali m'mimba, ndipo ndi cimodzi mwa zinthu zodziwika zocititsa anthu kumira m'madzi. Kwa msodzi wopalasa bwato pa Zambezi, pamene pali mvuu ndi ng'ona, ngozi yomalizayi ili pafupi tsiku lililonse.

Pofuna kuyeza kukula kwa vutoli, WHO inatulutsa mu 1989 mafunso 10 odziwika ndi dzina lakuti AUDIT. Amafunsa kuti munthu amamwa kangati, woculuka motani, ndiponso ngati kumwako kwamulepheretsa nchito kapena kuvulaza wina. Munthu akapeza mapointi 8 kapena kuposa, amaonedwa kuti kamwedwe kake kafika poopsa.

Coyamba ndi kucipatala

Pulani ya munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku imayambira kwa namwino kapena dotolo. Thupi limene lazolowera mowa limavutika ukaleka mwadzidzidzi. Pakapita maola 6 kufika 24, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mseru umabwera ndipo tulo timasowa. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Ocepa, pa tsiku laciwiri kufika lacinai, amasokonezeka mutu, amaona zinthu zimene palibe, thupi limatentha, ndipo angathe kumwalira akapanda kulandira cithandizo msanga.

Kumidzi zizindikiro zimenezi nthawi zina zimaganiziridwa kuti ndi malungo aakulu kapena kulodzedwa, ndipo banja limataya nthawi. Madotolo amacepetsa ngoziyi ndi mankhwala okhazika thupi pansi monga diazepam, operekedwa kwa masiku ocepa ndi kuyang'aniridwa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. M'boma la Luangwa muli cipatala ca boma ndi cipatala ca mishoni ca Katondwe, ca mpingo wa Katolika, ndipo makiliniki a kumidzi amatumiza odwala kumeneko.

Conco tsiku loleka liyenera kusankhidwa mogwirizana ndi a zaumoyo, pa sabata imene munthuyo adzakhala pamudzi, pafupi ndi kiliniki, ali ndi womuyang'anira. Masiku amene ali ku msasa wa asodzi kapena pa ulendo wa malonda a nsomba sayenera kusankhidwa.

Camba cimasiyana pang'ono. Wocileka amakwiya msanga, amasowa tulo ndipo safuna kudya, makamaka m'sabata yoyamba, koma zimenezi kawirikawiri zimacepa pakapita milungu iwiri ndipo siziika moyo pa ciswe monga zimacitira za mowa. Wacinyamata amene wayamba kulankhula zosokonezeka kapena kuopa anthu popanda cifukwa afunika kuonedwa ndi a cipatala mwamsanga.

Kusintha kumayenda m'magawo

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a za maganizo James Prochaska ndi Carlo DiClemente, amene anaphunzira anthu oleka fodya, anafotokoza kuti kusintha khalidwe kumadutsa m'magawo. Poyamba munthu saona vuto. Kenaka amaliona koma ali ndi mitima iwiri. Pambuyo pake amakonzekera, amacitapo kanthu, ndipo potsiriza amasunga cimene wapeza.

Phindu la ciphunzitso cimeneci ndi lakuti colinga ciyenera kufanana ndi pamene munthu wafika. Bambo amene akali ndi mitima iwiri sangasunge lumbiro limene acibale amukakamiza pa bwalo. Colinga comuyenera ndi caciing'ono, monga kulemba kwa milungu iwiri masiku onse amene wamwa, ndalama zimene watulutsa, ndi anthu amene anali nao. Kabuku kameneka kamamuonetsa zimene mkazi wake wakhala akunena kwa zaka zambiri, koma tsopano m'kulemba kwa dzanja lake.

Mu 1983 William Miller wa ku America analemba za njira ya uphungu imene mlangizi amafunsa ndi kumvetsera mpaka wodwalayo atachula yekha zifukwa zake zolekera. Njirayi inafalikira m'maiko ambiri cifukwa munthu amasunga bwino colinga cimene cacokera pakamwa pake kuposa cimene wauzidwa.

Colinga cabwino cimaoneka motani

Alangizi ambiri amayeza colinga ndi njira yochedwa SMART, imene George Doran analembera oyang'anira makampani mu 1981 ndipo pambuyo pake a zaumoyo anaitengera. Monga imaphunzitsidwira masiku ano, colinga ciyenera kuchula cinthu cimodzi comveka, cikhale cowerengeka, cotheka kucitika, cokhudza zimene munthuyo amazikonda m'moyo wake, ndiponso cokhala ndi tsiku lake.

Mau akuti munthu adzakhala tate wabwino ndi cifuno cabe, popeza palibe angadziwe tsiku limene cakwaniritsidwa. Koma msodzi akanena kuti kuyambira pa Mande sadzamwa kwa masiku 7, kuti madzulo alionse adzakhala pakhomo dzuwa lisanalowe, ndi kuti pa Sondo adzauza mlangizi wake mmene sabatayo yayendera, wapereka cinthu cimene iye ndi banja lake angathe kuciwerenga.

Zolinga zimaikidwa m'mizere itatu. Za tsiku ndi zosavuta: kudya katatu, kumwa madzi okwanira m'dera lotentha ngati limeneli, kumwa mankhwala a kucipatala, ndi kugona osaledzera. Za mwezi zimakhudza zinthu monga kubweza ngongole imodzi, kusoka maukonde kapena kubiyira dimba. Za caka ndi zimene zimapatsa munthu cifukwa copirira, monga malata a nyumba, bwato lakelake, kapena mwana kufika ku sekondale ali ndi yunifomu ndi mabuku. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Gulu la Alcoholics Anonymous, limene Bill Wilson ndi dotolo Bob Smith anayambitsa mu 1935 ku Akron m'dziko la America, limalangiza mamembala ake kulonjeza za tsiku limodzi lokha, kenaka mawa kulonjezanso. Kulumbira za moyo wonse kumalemera, koma tsiku limodzi ali yense angathe kulisenza.

Kwa amene afika podalira mowa, amai oyembekezera, odwala ciwindi ndi amene ali pa mankhwala a TB, a zaumoyo amalangiza kulekeratu. Kwa ena amene vuto lao likali laling'ono, kucepetsa kungakhale poyambira, malinga muyeso wake walembedwa ndipo pali wouona.

Masiku oopsa pa kalendala ya Luangwa

Mu 1985 Alan Marlatt ndi Judith Gordon anatulutsa buku lonena za kupewa kubwerera ku cizolowezi. Anaonetsa kuti kugwa kwambiri kumacitika pa zinthu zitatu: mtima ukawawa kapena munthu akasowa cocita, pakabuka mkangano, ndiponso anzake akamukakamiza. Uphungu wao unali wakuti munthu alembe malo, nthawi ndi anthu amene amamukokera, ndipo ciliconse acikonzere yankho.

Mu 1999 Peter Gollwitzer wa ku Germany anafotokoza mmene yankho lotere liyenera kukhalira. Munthu amanena kuti cakuti cikacitika, adzacita cakuti. Kafukufuku woculuka waonetsa kuti amene amangiratu mfundo yotere amakwaniritsa zolinga zao kuposa amene angokhala ndi cifuno, cifukwa pa nthawi ya ciyeso safunikanso kuganiza.

Ku Luangwa tsiku loyamba loopsa ndi la malonda. Ndalama za nsomba sizibwera ngati malipiro a pamwezi. Zimafika m'manja nthawi imodzi, munthu atatopa ndi madzi, ali pakati pa anzake, pafupi ndi malo omwera. Pulani iyenera kunena amene adzalandira ndalamazo, njira imene msodzi adzadzera popita kunyumba, ndi mau amene adzayankha mnzake womuitana. Ena amapangana kuti wogula atumize ndalama pa foni ya amai a kunyumba, ena amapita ku doko ndi mwana wao wamkulu.

Nyengo yaciwiri ndi ya ciletso ca usodzi. Caka ciliconse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February m'madzi ambiri a dziko lino, kuphatikizapo kumunsi kwa Zambezi, kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyi imasiya msodzi ali ndi nthawi yambiri, ndalama zocepa ndi nkhawa ya njala. Wofuna kucira ayenera kuikonzekera mwezi wa November usanathe, polemba nchito ya m'mawa ndi ya masana ya tsiku lililonse: kulima, kupalira, kukonza bwato, kuluka, kapena ganyu. Tsiku lopanda dongosolo limadzazidwa ndi anzake.

Nyengo yacitatu ndi ya masau, amene amapsa m'miyezi yozizira. Cipatso cimeneci cimabweretsa ndalama m'mabanja, koma m'cigwa ca Zambezi cimaphikidwanso kacasu. Ukali wa kacasu sudziwika popeza palibe amauyeza, motero womwa sangathe kuwerenga zimene wamwa. Ngati m'nyumba mwenimwenimo ndimo mumaphikidwa kacasu wogulitsa, banja liyenera kukambirana poyera za malonda ena, monga kugulitsa masau ouma, cifukwa palibe pulani imene ingapirire fungo la pakhomo.

Pali ndiponso maliro, maukwati, Khrisimasi ndi Caka Catsopano. Munthu sangaleke kupita ku maliro a mbale wake, koma angathe kupita ndi mnzake wosamwa, kudzisankhira nchito monga kutema nkhuni kapena kutunga madzi, ndi kunena pasadakhale ora limene adzacoka.

Cibaba cikabwera, Marlatt anaphunzitsa kuti cimakwera ndi kutsika ngati funde. Amene wacoka pamalopo, wadya kanthu, wasamba kapena waimbira foni mnzake, amapeza kuti cacepa cokha.

Kuwerenga ndalama

Ndalama ndi muyeso umene ali yense amaumva. Munthu amene amatulutsa K20 patsiku pa mowa amataya K600 pamwezi ndi K7,300 pacaka. Akaleka, ndalamazo ziyenera kupatsidwa kopita tsiku lomwelo, kaya ku cilimba, ku gulu losunga ndalama la m'mudzi, kapena m'manja mwa wacibale wokhulupirika. Zikakhala m'thumba zimasanduka ciyeso cina.

Mabanja ena amaika njere ya cimanga m'botolo pa tsiku lililonse limene lapita popanda mowa. Njira imeneyi imathandiza amene sadziwa kulemba, ndipo ana a m'nyumba amaona ndi maso kuti atate ao akulimbika. Sabata kapena mwezi ukakwana, ndi bwino kuukumbukira ndi kanthu kooneka, monga ndiwo ya nkhuku kapena nsapato za mwana.

Pulani ifunika mboni

Umboni wakuti thandizo lokonzedwa bwino limagwira nchito pakati pa anthu wamba unapezeka m'dziko muno. Ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins, mogwirizana ndi bungwe la Serenity Harm Reduction Programme Zambia, anayesa njira ya uphungu yochedwa CETA pa mabanja 248 m'makomboni atatu a mu Lusaka, mmene amuna anali kumwa moopsa ndipo akazi anali kucitidwa nkhanza. Alangizi ake anali anthu a m'makomboni momwemo amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, osati madotolo. Anali kuthandiza amuna kuzindikira zimene zimawakokera ku mowa, kukonza zocita m'malo mwake, ndi kupangana za citetezo ca m'nyumba.

Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2020 zinaonetsa kuti patapita caka cimodzi, kumwa koopsa kwa amunawo ndi nkhanza kwa akazi ao zinali zitacepa kwambiri poyerekeza ndi mabanja amene sanalandire uphunguwo. Phunziro lake ku maboma akutali monga Luangwa ndi lakuti munthu wa m'mudzi wophunzitsidwa bwino angathe kugwira gawo lalikulu la nchitoyi.

Motero pulani iyenera kuchula maina a anthu awiri kapena atatu: mmodzi wa m'banja, mmodzi wa kunja monga mkulu wa mpingo, nyakwawa kapena wothandiza za umoyo m'mudzi, ndi mmodzi wa kucipatala. Ali yense adziwe mbali yake ndi tsiku lokumana. Nchito ya mboni ndi kufunsa mmene sabata yayendera ndi kukumbutsa pangano, popanda kunyoza kapena kuulula nkhaniyo pa msika. Kumene kuli nkhanza, citetezo ca mai ndi ana cimayamba, ndipo nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit ilipo kaamba ka milandu yotere.

Munthu akaterereka

Bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala osokoneza bongo, National Institute on Drug Abuse, limati anthu 40 kufika 60 mwa 100 alionse amene alandira cithandizo amabwererako nthawi ina, ndipo limayerekeza zimenezi ndi matenda a BP ndi mphumu, amenenso amabuka munthu akaleka kutsatira malangizo. Wodwala BP sathamangitsidwa ku kiliniki cifukwa BP yakwera. Amaonedwanso ndipo mankhwala amasinthidwa.

Marlatt anaona kuti cimene cimasandutsa botolo limodzi kukhala mwezi wa kuledzera ndi manyazi ndi maganizo akuti zonse zatayika. Conco pulani yabwino imakhala ndi tsamba la tsiku loterereka. Limanena kuti munthuyo acoke pamalopo, asalowe m'bwato kapena kukwera njinga yamoto, auze mboni yake tsiku lisanathe, ndipo m'sabata yomweyo akhale pansi ndi mlangizi kuona cimene cinasoweka m'pulani. Ngati kumwako kwatenga masiku angapo, abwerere kucipatala asanalekenso. Njere zimene zinalowa kale m'botolo sizitayidwa, popeza masikuwo anawagwiradi.

Malamulo ndi kumene kuli thandizo

Lamulo la Liquor Licensing Act la mu 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Mu April 2012 nduna yoona za maboma ang'ono pa nthawiyo, a Nkandu Luo, analetsa kupanga ndi kugulitsa mowa waukali wa m'timapepala wochedwa tujilijili. Mu 2018 boma linakhazikitsa mfundo za dziko zokhudza mowa, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano la Mental Health Act, loteteza ufulu wa odwala matenda a maganizo.

Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, limadziwika kwambiri ndi kugwira ogulitsa camba ndi mankhwala ena, koma lilinso ndi nthambi ya maphunziro ndi uphungu imene imalandira anthu ofuna kuleka pamodzi ndi makolo ao. Lamulo la mu 2021 la mankhwala osokoneza bongo, limene linalowa m'malo mwa la mu 1993, limachulanso za kupewa, kuciza ndi kubwezeretsa anthu amene agwidwa ndi cizolowezi. Kusuta camba kukali mlandu m'Zambia. Pa 26 June caka ciliconse, tsiku limene United Nations inapatula mu 1987, maiko amakumbutsana za nkhondo yolimbana ndi mankhwala amenewa.

Kwa wokhala m'boma la Luangwa, khomo lapafupi ndi kiliniki ya m'dera lake, imene ingamutumize ku cipatala ca boma kapena ku Katondwe, ndipo ngati pafunika, ku Chainama. Popita kumeneko ndi bwino kunyamula kabuku kolembedwa za kamwedwe ka milungu iwiri yapitayo, mankhwala onse amene akumwa, ndi kutsagana ndi wacibale mmodzi amene adzamva malangizo ndi kukhala mboni yoyamba ya tsiku limene lasankhidwa.